Musanamange Nyumba za Lendi, Dziwani Zimene Lamulo Likunena

Mukafunsa mphunzitsi, namwino, wapolisi kapena mnyamata amene akuthamanga ndi maganyu ku Joni kuti adzachita chiyani ndalama zikadzapezeka, yankho limakhala lofanana: kugula puloti, kumangapo mdadada wa zitseko zinayi, n'kumadya za lendi mpaka ukalamba. Nzeru imeneyi ili ndi pogwira. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anasunga ndalama ku akaunti anadzuka m'mawa ndalama zawo zitapepuka, pamene mwininyumba anangodikira mwezi kutha n'kukweza lendi. Komabe mukamvetsera milandu ya nyumba, kaya kwa amfumu, kwa ankhoswe kapena kukhoti, simumva zambiri za khoma lopindika kapena malata odontha. Chimene chimaliritsa anthu ndi pepala: lomwe sanalifunse, lomwe anasaina osaliwerenga, kapena lomwe linalembedwa dzina la munthu wina.

Malamulo aakulu a dziko lino, mu gawo 28, amapatsa munthu aliyense ufulu wokhala ndi katundu, payekha kapena pamodzi ndi ena, ndipo amaletsa kulanda munthu katundu wake mwachisawawa. Koma khoti lisanakutetezeni limafuna lione kaye umboni woti katunduyo ndi wanudi.

Kodi akukugulitsani malowo ndi mwini wake?

M'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba, malo ogawidwa mwadongosolo amachokera ku Unduna wa za Malo, ku khonsolo ya mzinda, ku Malawi Housing Corporation, kapena kwa munthu ngakhale kampani yomwe ili ndi chikalata chakechake cha umwini. Mapuloti ambiri omangapo nyumba amaperekedwa pa liizi ya zaka 99. Nthaka imakhalabe ya amene anakupatsaniyo, inu mwabwereka kwa nthawi yaitali, ndipo chaka ndi chaka mumalipira ground rent. Liizi imabwera ndi mfundo zake: malowo agwire ntchito imene anaperekedwera, ndipo amangidwe m'nthawi yoikika. Wosiya puloti kuti imere tchire akudikira mtengo ukwere asadabwe akalandira kalata yoti eni nthaka akutenganso malo awo.

Mafumu a m'tauni ndi anthu ofunika pamaliro ndi pamikangano ya m'dera, ndipo amadziwa mbiri ya puloti iliyonse. Afunseni. Koma chidindo chawo sichisandutsa malo a boma kapena a khonsolo kukhala anu.

Kunja kwa malire a mzinda, kumene ambiri akuthamangira tsopano chifukwa mapuloti a m'tauni adula, nkhani ndi ya malo a makolo. Malamulo a malo anakonzedwanso mu 2016, ndipo zina zinasinthidwa mu 2022. Customary Land Act inakhazikitsa komiti ya malo kwa gulupu aliyense: wapampando ndi a gulupu eni ake, mamembala ena 6 amasankhidwa ndi anthu a m'deralo, ndipo osachepera 3 ayenera kukhala amayi. Cholinga n'chakuti munthu mmodzi, ngakhale mfumu, asamagawe malo payekha kuseri. Munda umene mnyamata akukulozerani kuti "uwu ndi wanga, anandisiyira agogo" kawirikawiri umakhala wa mbumba yonse. Amalume ake ndi alongo ake akapanda kudziwa, mudzakweza khoma kufika pamawindo, ndiye eni ake enieni adzatulukira. Itanani akubanja onse asaine, ndipo pitani ku ofesi ya za malo kwa DC mukafunse ngati lamulo likulola kuti malo amtundu umenewo asinthe manja, ndi njira yake. Dziwaninso kuti kalata ya amfumu yokha mabanki ambiri sailandira ngati chikole.

Malo akakhala olembetsedwa, musapereke ngakhale tambala musanakafufuze m'kaundula wa malo ku Land Registry, ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu. Aliyense ali ndi ufulu wofufuza, ndipo ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi mtengo wa puloti. Kaundula amaonetsa dzina la mwini, amaonetsa ngati malowo ali pachikole kubanki, ndiponso ngati wina anaikapo caution yoletsa kuti agulitsidwe. Chida chimenechi n'chanunso. Mukalipirako gawo la ndalama, kapena mukamva mphekesera zoti mnzanu wa m'banja akufuna kugulitsa nyumba mobisa, mukhoza kukapempha kuti aikepo caution kuti kaundula asasinthidwe inu musanamvedwe.

Kaundula sanena zonse. Pitani pamalopo masana, mufunse amene akugonapo kapena kulimapo kuti analowa bwanji. Registered Land Act imazindikira ufulu wa munthu amene ali pamalo ngakhale dzina lake lisali m'kaundula, ndipo wochita lendi sachoka chifukwa choti nyumba yagulitsidwa. Mgwirizano wake mwagulira kumodzi. Saveya akuonetseni mabikoni, musadalire mzere wa chinangwa kapena mtengo wa mango. Ejenti kapena dobadoba si mwini malo. Ndalama ipite kwa amene dzina lake lili pachikalata, chiphaso chake cha unzika mutachiona, ndipo idzere kubanki kuti pakhale potsatira.

Pali pena pamene ambiri amagwa ulesi. Akasainirana mgwirizano wogulitsana, amatenga title deed ya dzina la wogulitsa n'kuiika pansi pa sutikesi, nkhani yatha. Pamaso pa lamulo mwini akadali wakale uja, ndipo akamwalira mudzakambirana ndi ana ake amene sakukudziwani. Kusintha dzina kumadya ndalama, za loya, za stamp duty, za chilolezo cha eni nthaka, ndipo a MRA amafunanso kuona kuti msonkho uli bwino. Ndalama zimenezi muziwerengere mumtengo wa puloti kuyambira pachiyambi.

Pulani ya nyumba nayo iyenera kuvomerezedwa ndi khonsolo musanakumbe maziko. Physical Planning Act imapatsa akuluakulu mphamvu yoimitsa ntchito ndi kugwetsa chomangidwa popanda chilolezo. Anthu amaona ngati ndi njira yongodyera ndalama, koma amene anaona zimene namondwe Freddy anachita m'munsi mwa phiri la Soche ndi ku Chilobwe mu Malichi 2023 sangatsutse kuti pali malo osayenera kugonekapo anthu. Mwininyumba amene wamanga m'khwawa samaika pachiswe ndalama zake zokha, amaikanso ana a eni ake.

Kwa abale athu a ku Johannesburg, Cape Town kapena ku Britain amene amatumiza ndalama kuti achimwene awamangire: chithunzi cha pa WhatsApp si umboni wa umwini. Malo alembedwe dzina lanu, ndipo amene akukuimirani mumpatse kalata yosainidwa pamaso pa loya yonena zimene angachite ndi zimene sangachite. Chibale sichitha chifukwa cha kalata imeneyo. Chimatha tsiku limene mwatsika basi n'kupeza nyumba ili m'dzina la mlamu wanu.

Ngongole: tengani pensulo musanasaine

Mu 2024 Reserve Bank of Malawi inaika chiwongoladzanja chake chotsogolera mabanki pa 26 peresenti, ndipo wokongola wamba ankalipira choposa pamenepo. Tiyerekeze kuti mwakongola K20 miliyoni pa 30 peresenti pachaka. Chiwongoladzanja chokha ndi K6 miliyoni pachaka, K500,000 pamwezi, ngongole yeniyeniyo musanaikhudze. Mukati mubweze m'zaka 10, mwezi uliwonse muzipereka pafupifupi K527,000, ndipo pomaliza mudzakhala mutapereka zopitirira K63 miliyoni. Ndiye dzifunseni: nyumba yomangidwa ndi K20 miliyoni, m'dera limene muli ndi pulotilo, ingabweretse lendi yoposa theka la miliyoni pamwezi? Ngati singabweretse, obweza ngongoleyo si anthu a lendi ayi. Ndi malipiro anu, ndiwo za pakhomo ndi fizi ya ana.

Mawu oti nyumba imadzilipira yokha amamveka bwino kumayiko kumene chiwongoladzanja sichifika 10 peresenti. Kuno makolo a ku Ndirande, Kawale ndi Chibavi anamanga chitseko chimodzichimodzi: chipinda chikatha alowetsa munthu, lendi yake igula malata a chipinda chotsatira. Njirayi ndi yochedwa, ilibe ulemerero, koma ine ndimaiona yanzeru kuposa kukongola nyumba yonse. Ngongole imene ili ndi mutu ndi yomalizira, yolowetsera madzi, magetsi ndi pulasitala m'nyumba imene yatsala pang'ono kuyamba kulipira. Ya ku SACCO ikhoza kuthandiza pamenepo. Ya banki m'khonde ndi yogulira matumba angapo a simenti. Imafunika kubwezedwa msanga ndipo chiwongoladzanja chake n'cha pamwezi, choncho siingakweze nyumba.

Mukasankha kupita kubanki, muli ndi ufulu wouzidwa zonse musanasaine: chiwongoladzanja, ndalama zoyendetsera ngongole, inshuwalansi, chilango chochedwa kubweza, ndi ndalama yonse imene mudzakhale mutapereka pomaliza. Pemphani kope la mgwirizano mukawerengere kunyumba. Funsani ngati chiwongoladzanjacho n'chokhazikika, chifukwa ngongole zambiri zimatsatira reference rate, ndipo iyo ikakwera, zimene mumalipira pamwezi zimakweranso popanda kukupemphani.

Nyumba ikakhala pachikole, banki singadzuke lero n'kuigulitsa mawa. Pa malo olembetsedwa, Registered Land Act imati mukalephera kulipira kwa mwezi wathunthu, banki ikupatseni notisi yolemba, ndipo pakatha miyezi 3 musanakonze, ndiye ikhoza kugulitsa nyumbayo kapena kuika munthu wotolera lendi m'malo mwanu. Pogulitsa iyenera kuchita mwachilungamo ndi kuganizira inunso. Ndalama zikatsala ngongole itachotsedwa ndi zanu. Zikaperewera, chotsalacho chikadali pamutu panu. Miyezi 3 imeneyo ambiri amaithera pobisala, kuzimitsa foni ndi kusiya makalata osatsegula. Ndi nthawi yokakhala pansi ndi abanki kuti mukonzenso kabwezedwe, kapena yopeza nokha wogula pamtengo wabwino kuposa wa pa okushoni. Kuthamangira kukhoti kukatenga chiletso kumathandiza pamene banki yalumpha ndondomeko. Ngati ngongole ilipodi, chiletsocho chimangochedwetsa tsiku, chiwongoladzanja chikukwerabe. Mukamaliza kubweza, onetsetsani kuti chikole chafufutidwa m'kaundula ndipo chikalata chanu chabwerera m'manja mwanu.

Samalani ndi pempho la mbale loti "tangondibwerekani title deed, ndikatengere ngongole ya bizinesi, miyezi isanu ndi umodzi yokha." Mukasaina, nyumba yanu ndiyo yaimirira ngongoleyo, ndipo iye akagwa abanki safunsa kuti ndalama anadya ndani. Samalaninso koposa ndi katapila. Okongoza ena amalembetsa pepala loti mwawagulitsa nyumba, osati loti mwakongola, n'kukuuzani kuti mukabweza adzaling'amba. Mukachedwa sabata imodzi amatulutsa pepala lomwelo. Loans Recovery Act imapatsa khoti mphamvu younikanso ngongole ya chiwongoladzanja chankhanza n'kuichepetsa, koma mudzayamba mwavutika kutsimikizira woweruza kuti chimene munasainacho sichinali malonda.

Banki kapena bungwe lokongoza likakulakwirani, dandaulani mwa kulemba kwa iwo eni. Zikakanika, pitani kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank. Ndipo kumbukirani kuti mbiri ya kabwezedwe kanu imasungidwa ku credit reference bureau, kumene wokongoza aliyense wovomerezeka akhoza kuiona.

Alandilodi ndi anthu awo

Mgwirizano wapakamwa ndi mgwirizano ndithu, ndipo khoti limauzindikira. Vuto lake ndi lakuti tsiku la mkangano aliyense amakumbukira zomukomera. Tsamba limodzi lolembedwa m'Chichewa n'lokwanira: mayina, nyumba yake, lendi ndi tsiku lolipira, dipoziti, amene azilipira madzi ndi kugula mayunitsi, amene azipopetsa chimbudzi chikadzaza, notisi ya masiku angati, ndiponso ngati m'nyumbamo mukuloledwa bizinesi. Asaine onse awiri ndi mboni, aliyense asunge lake. Tsiku lolowa jambulani ndi foni makoma, magalasi, maloko ndi nambala ya pamita ya madzi. Liizi yopitirira zaka 3 pa malo olembetsedwa iyenera kukalowa m'kaundula.

Pamene sipanalembedwe kanthu za notisi, lamulo limayang'ana mmene lendi imalipiridwira. Wolipira pamwezi apatsidwe notisi yosachepera mwezi wathunthu, yothera pa tsiku lolipira lendi. "Mutuluke pofika Loweruka, kukubwera mwana wanga" si notisi. Lamuloli limagwira mbali zonse: wosamuka usiku ndi ngolo osatsanzika sanathawe ngongole, ndipo mwininyumba ali ndi zaka 6 zoti akasumire lendi imene sanalandire.

Boma siliika mtengo wa lendi wa nyumba za anthu, choncho mwininyumba akhoza kukweza. Koma ngati munagwirizana mtengo wa chaka chonse, mtengowo uima mpaka chaka chithe, pokhapokha mgwirizanowo utanena zina. Pa lendi ya mwezi ndi mwezi, kukweza kubwere ndi notisi kuti munthu asankhe kuvomera kapena kufuna kwina. Kutchula lendi m'madola pa nyumba ya m'dziko muno kumawombana ndi malamulo a ndalama zakunja. Lendi ya miyezi itatu yolipiriratu ndi yololedwa ngati mwagwirizana, koma alandilodi adziwe kuti adya za miyezi imene sinafike, ndipo asadzaime pakhomo mwezi wachiwiri kupempha kangachepe. Dipoziti ndi ndalama ya wochita lendi imene mwangomusungira. Akamatuluka, muchotsepo zimene waononga ndi mabilu amene wasiya, mumuonetse mawerengedwe ake, yotsala mumubwezere. Penti kufwifwa ndi simenti ya pansi kuperepeseka patatha zaka si kuononga. Ndi kukalamba kwa nyumba, ndipo ndi za mwini.

Munthu akalipira lendi, nyumbayo ndi kwawo mpaka mgwirizano uthe. Apa m'pamene alandilodi okhala pa puloti pomwepo amavutika kumvetsa. Kulowa ndi kiyi wapadera eni ake kulibe, kuwerenga alendo, kufunsa chifukwa chimene akudyera nyama lendi asanalipire, zonsezi n'kupyola malire. Gawo 21 la malamulo aakulu limateteza chinsinsi cha munthu ndi nyumba yake. Mwininyumba ali ndi ufulu woona mmene nyumba yake ilili, koma adziwitse nthawi ilipo ndipo abwere nthawi yoyenera. Malamulo a papuloti, monga kusinthana kukolopa bafa kapena ola lotsekera geti, alibe vuto ngati ananenedwa munthu asanalowe.

Tsono lendi yasiya kubwera, miyezi iwiri, itatu, nkhani zokhazokha. Mtima umawawa, makamaka ngati nanunso abanki akukuimbirani. Pamenepa ena amazula chitseko, amasasula malata m'nyengo ya mvula, amatseka mpope, amaika loko wina, amatulutsa katundu pabwalo kapena kunyamula TV kuti ikhale chikole. Zonsezi zimatembenuza mlandu. Munthu amene anali ndi ngongole kwa inu amasanduka wodandaula, ndipo khoti likhoza kukulamulani kumulipira chipepeso choposa lendi imene mumafuna. Njira ya lamulo ndi iyi: kalata yofuna ndalama zanu, notisi yoti atuluke, akakana mukasume. Milandu yambiri ya lendi imathera kukhoti la majisitireti, ndipo munthu akhoza kudziyankhulira yekha popanda loya. Khoti likagamula, otulutsa munthu kapena kugwira katundu wake ndi a Sheriff, atanyamula chikalata cha khoti, osati anyamata a pamsika amene mwawagulira mowa. Apolisi nawo si otolera lendi. Kulephera kulipira si mlandu wotsekera munthu m'chitokosi, ndipo wochita lendi amene akuopsezedwa motero adziwe zimenezo.

Njira ya kukhoti imachedwa, palibe wotsutsa. N'chifukwa chake mwininyumba wochenjera amayankhula mwezi woyamba womwewo, osadikira ngongole ikule kufika poti munthuyo sangathenso kulipira. Nthawi zina kukhululuka mwezi umodzi kuti munthu atuluke mwamtendere kumatchipa kuposa kuwina mlandu.

Wochita lendi nayenso asamve ngati lamulo ndi lake yekha. Alipire pa tsiku lake, asamale nyumba, asalowetse munthu wina kuti azimulipira popanda chilolezo cha mwini, asagumule kapena kuwonjezera chipinda mwa yekha. Denga likamadontha kapena khoma likang'ambika, ndi udindo wa mwininyumba, koma musangokonza n'kudula pa lendi. Gwirizanani kaye, ngakhale pa uthenga wa pafoni, ndipo musunge malisiti. Lendi iliyonse ikhale ndi umboni. Uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba ndi mboni yabwino kuposa kukumbukira kwa alandilodi, bola musaufufute.

Boma nalo lili ndi gawo lake pa nyumba yanu. Khonsolo imafuna city rates, ndipo ngongole yake imatsatira nyumba. Wogula afunse ngati wakale anamaliza kulipira. Lendi ndi phindu loyenera msonkho, kaya ndi nyumba ya mpanda ku Area 47 kapena mdadada ku Bangwe. Mukabwereketsa nyumba kwa kampani, bungwe kapena ofesi ya boma, iwo amadula msonkho asanakupatseni ndalama. Pemphani satifiketi yake, chifukwa ndi imene imasonyeza kwa a MRA kuti gawo lina munalipira kale. Za chimbudzi musazione mopepuka. Mabanja khumi pa dzenje limodzi losefukira ndi mmene kolera, monga ya mu 2022 ndi 2023, imapezera njira, ndipo azaumoyo a khonsolo ali ndi mphamvu yokulamulani kukonza.

Nyumba ndi ya ndani m'banjamo?

Ndalama ya lendi ikangolowa m'thumba limodzi ndi ya ndiwo, imatha osaoneka. Iikeni payokha. Powerengera za chaka, werengani miyezi 10 m'malo mwa 12, chifukwa nyumba imakhala yopanda munthu, wina amachedwa, ndipo Okutobala aliyense denga limafuna mmisiri mvula isanagwe. Amuna ndi akazi onse adziwe kuti nyumba zikubweretsa zingati, ngongole yatsala zingati, mapepala ali pati. Bambo amene amatolera lendi mwakachetechete amasiya mkazi wamasiye amene sadziwa ngakhale dzina la wokhala m'chitseko chachitatu.

Gawo 24 la malamulo aakulu limati mkazi ali ndi ufulu wokhala ndi katundu, payekha kapena ndi ena, kaya ndi wokwatiwa kapena ayi, ndiponso wolandira gawo loyenera la katundu wa onse awiri banja likatha. Marriage, Divorce and Family Relations Act ya 2015 inapita patsogolo: pogawa katundu khoti limayang'ana zimene aliyense anaikapo, kuphatikizapo ntchito za pakhomo. Mayi amene anatunga madzi oumbira njerwa, kuphikira amisiri ndi kugulitsa mandasi kuti malipiro a bambo apite ku simenti sanali mlendo pa ntchitoyo. Komabe kutsimikizira zimenezi kukhoti n'kovuta kuposa kungolembetsa mayina onse awiri. Kaundula amalola njira ziwiri. Mukalembetsa monga eni ake pamodzi osagawa, palibe angagulitse yekha, ndipo mmodzi akamwalira nyumba yonse imatsala ndi winayo. Mukalembetsa aliyense ndi gawo lake, gawo la womwalirayo limalowa m'chuma cha masiye. Ngati mwasonkherana kumanga ndi abale kapena anzanu, njira yachiwiriyi ndiyo imakuyenerani kawirikawiri.

Kumanga nyumba za lendi pamalo a kuchikazi uli pa chikamwini, kapena pamalo a kuchimuna uli pa chitengwa, kumafuna kuganiza kawiri. Banja likatha kapena maliro akagwa, nthaka imatsala ndi eni mbumba, ndipo nyumba singanyamulidwe pamutu. Nyumba yogona mangani kumene mwambo ukufuna; ya bizinesi ikhale pamalo a dzina lanu.

Ambiri amaopa kulemba wilo ngati kuti akuitana imfa, koma mwini nyumba za lendi alibe chifukwa chozembera. Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act ya 2011 imafuna kuti wilo ikhale yolembedwa, yosainidwa ndi mwini wake pamaso pa mboni zosachepera 2, zomwe nazo zisaine. Sankhani mboni zimene sizikulandirapo kanthu, ndipo wiloyo musunge kukhoti, kwa DC, kubanki kapena kwa loya. Munthu akamwalira osasiya wilo, lamulo limatsogoza mkazi kapena mwamuna wake, ana ake onse, obadwira m'banja ndi a kunja omwe, ndi amene ankadalira iye. Achimwene a malemu ndi amalume sakhala eni chifukwa choti ndi akuchimuna kapena ndi amene anayendetsa maliro. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu umene munthu akhoza kukakhala nawo kundende zaka 10.

Imfa ya mwininyumba imaika anthu a lendi pakati pa moto. Mgwirizano wawo suthera pamanda, ndipo palibe wachibale amene angawatulutse chifukwa choti mwini wake wapita. Koma mwezi ukatha amabwera atatu, mayi wamasiye, mwana woyamba wa kwa mayi wina, ndi mchimwene wa malemu, aliyense akuti lendi izipita kwa iye. Wolipira munthu wolakwika akhoza kudzalipiranso kachiwiri. Woyenera kulandira ndi amene wapatsidwa chikalata cha khoti choyendetsera chuma cha malemu, kapena ofesi ya Administrator General kapena ya DC ngati chumacho chili m'manja mwawo. Chikalatacho chisanatuluke, pemphani akubanja akupatseni kalata imodzi yosainidwa ndi mbali zonse yotchula wolandira. Akakanika kugwirizana, sungani ndalamayo osaidya, muwadziwitse mwa kulemba kuti ilipo. Mayi wamasiye, mwana kapena wochita lendi amene sangathe kulipira loya apite ku Legal Aid Bureau, atanyamula mgwirizano wa lendi, malisiti, kalata ya imfa ndi pepala lililonse la malowo limene angalipeze.